Nsomba zanga zitafa m'dziwe, chozipha ndinakachipeza kumtunda kwa khwawa

Ndimaweta nsomba m'mudzi wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka m'boma la Mulanje, kumene timakhwawa tambiri totsika m'phiri timakathera mumtsinje wa Ruo. Ndili ndi maiwe awiri, ndipo ndili m'kalabu ya alimi a nsomba imene imakumana kamodzi pamwezi. Mu Okutobala wa 2024 nsomba za m'dziwe langa lalikulu zinafa pafupifupi zonse dzuwa lisanalowe. Ndaganiza zolemba mmene zinayendera chifukwa alimi ambiri amene ndakambirana nawo chichitikireni zimenezi, kuno ku Mulanje ngakhalenso ku Thyolo, anaonapo zoterezi koma anangoti ndi tsoka kapena ndi nsanje ya anthu. Kafedwe ka nsomba kamaulula chimene chazipha, ndipo mlimi wodziwa kukayang'anitsitsa angathe kupulumutsa zotsala, komanso angapewe kunamizira mnzake wosalakwa.

Maiwe ambiri a kwathu kuno anakwiririka ndi mchenga ndi miyala pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, moti chaka chonsecho chinathera pa kukumba ndi kumanganso zipupa. Kumayambiriro kwa 2024 ndinaikamo mbewu ya makumba ndi chilunguni, ndipo milamba ingapo inalowa yokha kudzera m'ngalande monga imachitira nthawi zonse. Chaka chomwecho mvula inavuta, boma n'kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi ya chilala. Aliyense amene anali ndi kamalo m'mbali mwa madzi anatsikira kudimba, ndipo pofika mu Sepitembala khwawa lathu lonse linali tomato, chimanga, mpiru ndi kabichi yekhayekha. Sindikunena izi modandaula, chifukwa madimba amenewo ndiwo anadyetsa mudzi, ndipo akazi anga nawonso anali ndi lawo. Koma tomato wa m'chilimwe amafuna mankhwala pafupipafupi, chimanga nacho chili ndi mbozi ija inalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017 imene imadya mumtima mwa chomera, ndipo nyengo imene kupopera kumachuluka ndi nyengo yomweyonso imene khwawa limaphwa n'kutsala kamadzi koyenda pang'onopang'ono. Kamadzi kameneko ndi kamene ndimapatutsa ndi ngalande kulowetsa m'maiwe anga.

Tsikulo m'mawa ndinathira madeya monga mwa masiku onse, ndipo nsomba zinadya bwino osaonetsa vuto lililonse. Chakumasana mwana amene amaingitsa mbalame kudziwe anafika kunyumba ali wefuwefu kudzanena kuti nsomba zapenga. Nditafika ndinapeza tiana ta makumba tobadwira m'dziwe momwemo tikuzungulira pamalo amodzi mothamanga kwambiri, kenaka n'kuima, kugona cham'mbali, kunjenjemera thupi lonse n'kuyambiranso kuzungulira. Zina zinkadumpha n'kugwera pamtunda, ndipo imene ndinaitola inali gwa m'manja mwanga, kukamwa kuli yasa, zipsepse zitatambasuka. Pamwamba pa madzi panayandama tizilombo ta m'madzi tambirimbiri titafa, ndipo m'mphepete munaunjikana mbululu zosagwedezeka. Madzi eni akewo anali obiriwira bwino monga analili dzulo lake, osanunkha chivundi, ndipo ichi n'chimene chinatibalalitsa mitu tonse amene tinaima pamenepo.

Anzanga a m'kalabu amene anafika msanga anati titsegule ngalande yonse kuti madzi atsopano alowe ambiri, poti ndi zimene tonse tinaphunzitsidwa kuchita nsomba zikamasowa mpweya. Tisanagwire khasu ndinaimbira foni alangizi a za nsomba. Iwo sanafunse n'komwe kuchuluka kwa zimene zafa, koma anati, “Bambo, zayamba nthawi yanji? Nanga zimene zayamba kufa ndi zazikulu kapena zazing'ono? Milamba mukuiona ili bwanji?” Nditawauza kuti zayamba dzuwa lili pamutu, kuti zazing'ono ndizo zayamba ndiponso kuti milamba ina yafa kale, anandidula pakamwa n'kunena kuti, “Tsekani polowera madzi pompano, maiwe onse awiri, ndipo musalowetsenso ngakhale dontho mpaka nditabwera.” Tinatseka ndi dothi ndi matumba, madzi a m'ngalande n'kuwabweza kukhwawa. Kenaka tinakoka ukonde n'kuika nsomba zimene zinali zikadali ndi mphamvu m'migolo ya madzi a pachitsime, madzi osathira klorini, ndipo mwa zimenezo zambiri zinachira pofika m'mawa mwake.

Mafunso a alangiziwo ndi amene mlimi aliyense ayenera kudzifunsa, chifukwa njira yopulumutsira nsomba zosowa mpweya ndi yomweyo imene imamaliza nsomba zimene zalandira poizoni kuchokera m'ngalande. Chimene chimabiriwitsa madzi a m'dziwe ndi ndere zing'onozing'ono zimene masana zimatulutsa mpweya wa okosijeni koma usiku zimaugwiritsa ntchito, choncho mpweya umachepa kwambiri mbandakucha. Vutoli limakula mlimi akachulutsa manyowa kapena chakudya, kukachita mitambo masiku otsatizana, kapena kukatentha kwambiri, popeza madzi ofunda amasunga mpweya wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 9 a okosijeni, pamene pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5. Zikatero nsomba zimayandama m'mamawa kukamwa kuli pamwamba, zimaunjikana polowera madzi, zazikulu ndizo zimayamba kufa, ndipo dzuwa likakwera zotsala zimapezako bwino. Mlamba sufa wamba ndi vuto limeneli chifukwa uli ndi chiwalo china m'mutu chimene umapumira mpweya wa kunja, ndipo achule ndi nkhanu zimangopitiriza moyo wawo. Matenda nawo ali ndi kayendedwe kawo. Aja a zilonda zofiira zozama otchedwa EUS, amene anapezeka koyamba m'dziko muno ku Mchinji mu 2020, amapha nsomba pang'onopang'ono kwa masiku kapena masabata, ndipo zilondazo zimaonekera. Koma nsomba zathanzi zikayamba kuzungulira ndi kunjenjemera mwadzidzidzi nthawi ina iliyonse ya tsiku, zazing'ono n'kuyamba kufa, milamba, nkhanu ndi tizilombo n'kufera limodzi, pamenepo m'madzi mwalowa mankhwala.

Pamene tinkakoka ukonde, dzina la munthu linali litayamba kale kuyenda m'manong'onong'o. Anali bambo wina amene tinakanganapo naye za malire a munda zaka za m'mbuyomo, ndipo panapezeka ngakhale wina wonena kuti anawaona akudutsa kudziwe usiku. Ndinapempha anzanga kuti dzina limenelo lisatuluke pakamwa pa wina aliyense mpaka titayenda m'ngalande, monga alangizi anatiuzira pafoni. Ndinanyamuka ndi akazi anga ndi mlembi wa kalabu, tikulondola madzi chokwera. M'ngalande monse munali nkhanu zitagona chagada, mimba zoyera zili m'mwamba, ndipo titalowa m'khwawa tinapeza matemba atayalana pamchenga, ena nyerere zitayamba kale kuwanyamula. Tinayenda choncho mpaka pamwala wina wafulati pamene anthu amatungira madzi ndi makeni othirira. Pamenepo fungo la mankhwala opopera linali lamphamvu, m'kachibowo ka pamwalapo munatsalira timadzi toyera ngati mkaka wosungunula, ndipo mu udzu munali botolo lopanda kanthu, chitsekerero chili pambali. Titangopitirira mwalawo pang'ono tinapeza matemba akuthamanga bwinobwino, nkhanu zikuthawira m'mauna mwawo.

Malire amenewo, pamene zakufa zathera ndi pamene zamoyo zayambira, ndiwo umboni waukulu umene mlimi wa kumudzi angaupeze popanda makina alionse, koma sukhalitsa. Madzi amapita, mbalame ndi nyerere zimatola zakufa, ndipo pofika mawa lake pamakhala palibe chimene mungaonetse munthu. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti ulendowu uzichitika tsiku lomwelo, muli awiri kapena atatu, ndipo amene ali ndi foni ajambule. Tungani madzi a m'dziwe ndi a m'ngalande m'mabotolo agalasi otsukidwa bwino, mudzaze mpaka pakamwa, muwasunge pozizira ndi pamdima, ndipo mudziwitse ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu tsiku lomwelo.

Dimba loyandikana ndi mwalawo linali la mlamu wanga, mlongo wawo wa akazi anga, mnyamata wolimbikira amene anali atangokwatira kumene. Ine m'mudzi muno ndine mkamwini, ndipo nkhani yokhudza mwana wa pamudzi imafuna kuiyendera bwino, choncho tinaitana amalume awo kuti akhalepo. Ndinafunsa modekha kuti, “Alamu, m'mawa muja mutatha kupopera tomato, mankhwala otsala munawataya kuti?” Anayankha mosabisa kuti, “Alamu, anatsala pang'ono chabe pansi pa sipuleya, ndiye ndinangowakhuthula pamwala paja potsuka, ndi botolo lomwe ndinalitsukuluza pomwepo. Si madzi oyenda kodi? Ndakhala ndikutero chiyambireni ulimi.” Sankanama. M'nyengo ya mvula khwawa likadzaza, mankhwala otere amasungunuka m'madzi ambiri amatope ndipo palibe chimene maso amaona, koma mu Okutobala pafupifupi madzi onse odutsa pamwalapo ankathera m'ngalande yanga. Titapita naye kudziwe anaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu wa nsombazo osanena kanthu. Za chipukutamisozi sindinazitchule, chifukwa mnyamatayo analibe chopereka, ndipo chimene ndinkafuna ine chinali chakuti zisadzachitikenso.

Funso limene iye ndi anthu ena ambiri anandifunsa pambuyo pake ndi lakuti, zingatheke bwanji kuti mankhwala ochepa chotero aphe dziwe lonse, pamene munthu amawapopera tsiku lonse, kumunyowetsa kumsana, koma osafa? Pabotolo lija panalembedwa kuti ndi cypermethrin, wa mphamvu ya magalamu 200 pa lita imodzi. Izi zikutanthauza kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, ka mamililita 5, kali ndi galamu imodzi ya poizoni weniweniyo. Pamayeso a akatswiri, galamu imodzi mpaka atatu a cypermethrin m'malita 1,000,000 a madzi oyera amakwana kupha mitundu yambiri ya nsomba m'masiku anayi. Dziwe langa ndi la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi ndi pafupifupi mita imodzi kuya, kutanthauza malita 200,000, choncho kasupuni kamodzi kameneko kakhoza kupitirira mlingo wakupha. N'zoona kuti matope ndi ndere zimagwira gawo lina la mankhwalawa n'kuchepetsa ukali wake, koma palibe mlimi amene angadalire zimenezo, makamaka pamene mankhwalawo akulowa onse pakamodzi kudzera polowera madzi, pamalo pomwe nsomba zimakonda kusonkhana kukatentha.

Chifukwa chake chili m'kapumidwe ka nsomba. M'madzi muli mpweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi kunja kuno, choncho nsomba imayenera kudutsitsa madzi ochuluka m'makha mwake, ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu, usana ndi usiku osalekeza. Khungu la makha ndi lopyapyala kwambiri kuti mpweya uzilowa m'magazi mosavuta, ndipo poizoni amalowera pomwepo. Thupi la munthu, la mbuzi kapena la nkhuku limaphwanya mankhwala a mtundu wa cypermethrin mofulumirirapo, koma thupi la nsomba limachedwa, motero amaunjikana n'kusokoneza mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo kuzungulira ndi kunjenjemera kuja kumachokera pamenepo. Mankhwala ena a gulu lomweli, monga lambda-cyhalothrin ndi deltamethrin, amachitanso chimodzimodzi. Chlorpyrifos, amene ambiri amapopera mbozi ndi chiswe, ndi wa gulu lina koma nayenso amaononga mitsempha ndipo ndi woopsa kwambiri kwa nsomba. Mankhwala a chiwawu cha tomato okhala ndi kopa amaononga makha, ndipo ukali wawo umakula m'madzi opanda mchere wambiri wa m'nthaka, monga madzi otsika m'phiri lathuli. Choncho mankhwala amene wogulitsa wakuuzani kuti si oopsa kwenikweni kwa munthu akhoza kukhala oopsa zedi kwa nsomba. Mabotolo ambiri ali ndi kachithunzi ka nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma, ndipo kachithunzi kameneko ndi kamene ndimayamba kufufuza ndisanagule.

Chinthu chovuta kwambiri tsiku limenelo chinali kubweza amayi ndi ana amene anabwera ndi mabeseni. Chinali chaka cha njala, ndiwo zinali zosowa, ndipo pamaso pawo panali makumba onona ataunjikidwa pansi. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti, “Mwanangu, tikaziwamba bwinobwino pamoto poizoniyo atha, musatimane.” Zinandipweteka kuwakaniza, koma kuphika, kuwamba kapena kuyanika sikupereka chitsimikizo chakuti mankhwala achoka, ndipo pa nthawi imene nsomba zikufa munthu sadziwa kuti m'madzi mwalowa mankhwala amtundu wanji kapena osakaniza angati, popeza alimi ambiri amaphatikiza awiri kapena atatu mu sipuleya imodzi. Tinakumba dzenje lakuya kutali ndi khwawa ndi chitsime n'kuzikwirira zonse, kuti agalu, nkhumba ndi abakha asazipeze. Ngati wina wadya nsomba zotere n'kuyamba kusanza, kutuluka malovu ndi thukuta kwambiri, kuchita chizungulire kapena kubanika, apite naye kuchipatala msanga, ndipo ngati botolo la mankhwalawo lapezeka alitenge kuti madokotala aone. Asamukakamize kusanza kapena kumumwetsa mkaka monga ambiri timachitira.

Kufa kwa tsiku limodzi kumaoneka ndipo anthu amakukamba, koma kumene kwakhala kukundidetsa nkhawa kwambiri ndi kuonongeka kumene sikuoneka. Dziwe langa laling'ono linapulumuka chifukwa polowera pake panali patatsekeka ndi zinyalala moti madzi ankangodontha, ndipo munafa nsomba zochepa chabe. Komabe kwa masabata angapo nsombazo zinkadya monyinyirika, ndipo tiana sitinaoneke m'mphepete monga timachitira nyengo yotentha. Amene amaweta makumba amadziwa kuti yaimuna imakumba kabwalo kozungulira pansi pa dziwe, yaikazi n'kuikira mazira pamenepo, kenaka n'kuwatola kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, pamene chilunguni chimasamalira mazira ndi ana ake pachisa, chachimuna ndi chachikazi limodzi. Ntchito yonseyi imafuna nsomba yathanzi, ya mitsempha yabwino, imene ikumva fungo bwino. Mankhwala ochepa osakwana kupha amafooketsa kanunkhizidwe ka nsomba, amachepetsa chilakolako cha chakudya, amachedwetsa kukula, amaononga mazira ndi tiana, ndiponso amafooketsa chitetezo cha thupi moti matenda amapeza polowera. Kuonjezera apo, mankhwala ophera tizilombo m'munda amaphanso tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timene tiana ta nsomba timadya tikangoswa, choncho tiana tikhoza kufa ndi njala m'madzi amene nsomba zazikulu zikuoneka kuti zili bwino. Ndikamva mlimi akudandaula kuti anagula mbewu yoipa chifukwa nsomba zake sizikukula kapena sizikuswana, ndimayamba ndamufunsa za madimba amene ali kumtunda kwa ngalande yake.

Nditayamba kuliyang'ana khwawa ndi maso amenewa, ndinaona kuti sipuleya si njira yokhayo. Masikito amene timalandira kuchipatala ananyikidwa m'mankhwala a gulu lomwe lija la cypermethrin, ndipo amayi akawachapira m'khwawa, kapena ana akamakokera matemba, mankhwalawo amasukulukira m'madzi. Klorini amene anatipulumutsa pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 amapsereza makha a nsomba ngakhale atakhala wochepa, choncho ndowa yake isatsukidwire m'ngalande. Anyamata a kabaza amatsuka njinga zamoto pamadooko, oilo n'kuyandama pamadzi, ndipo anzathu oweta ng'ombe za mkaka cha ku Bvumbwe ali ndi mankhwala a nkhupakupa amene otsala ake amafunanso kutayidwa mosamala. Feteleza naye ali ndi mbali yake. Ife eni timathira manyowa m'dziwe kuti madzi abiriwire, koma yuleya wokokoloka kuchokera m'madimba akachuluka amasanduka amoniya, amene amaononga makha ndipo amakula ukali madzi akafunda masana, komanso amachulutsa ndere mpaka mpweya kutha usiku. Anthu akuno nsomba zikafa mumtsinje amathamangira kuloza minda ikuluikulu ya tiyi, ndipo n'zoona kuti aliyense wogwiritsa ntchito mankhwala ambiri ayenera kufunsidwa mafunso, koma pakhwawa lathu zonse zimene ndatchulazi zimachokera m'manja mwa ife eni mudzi.

Dziwe lalikulu tinalikonza motsatira malangizo a alangizi, ndipo mlamu wanga anagwira nafe ntchito yonse osauzidwa. Madzi ake sitinawabwezere kukhwawa, chifukwa kumunsi kuli maiwe a anzathu ndiponso anthu amasambako, koma tinawatayira pang'onopang'ono pamunda wogonera kuti alowe m'nthaka. Popeza mankhwala otere amakakamira kumatope, tinasiya pansi pa dziwe padzuwa mpaka dothi litang'ambika, tinapala matope apamwamba makamaka cha polowera madzi, n'kuwaza laimu wa ulimi. Laimuyu amathandiza kuno kumene dothi lake ndi la asidi, koma athiridwe dziwe lili lopanda nsomba, chifukwa laimu wowotcha amapha nsomba ndiponso amakulitsa ukali wa amoniya. Titadzazanso madzi tinadikira mpaka tizilombo ta m'madzi ndi mbululu zitayamba kuoneka, kenaka tinaika nsomba zochepa m'dengu lomizidwa m'madzi kwa masiku angapo, ndipo zitakhala bwino m'pamene ndinaikamo mbewu ina.

Ndinasinthanso kalowetsedwe ka madzi. Ambiri a ife timasiya ngalande ikuthira usana ndi usiku poganiza kuti nsomba zimafuna madzi oyenda, chonsecho dziwe la makumba lomangidwa bwino limangofuna kuonjezera madzi amene aphwa, ndipo madzi oyenda nthawi zonse amakokolola ndere ndi manyowa amene mlimi wavutikira. Tsopano polowera pamakhala potseka, ndipo m'chilimwe ndimatsegula mbandakucha anthu asanayambe kupopera n'kutsekanso dzuwa likamatuluka. Madzi asanafike kudziwe amayamba aima m'kadziwe kakang'ono kamene ndinakumba m'ngalande, momwe ndimasungamo matemba ochepa. Ndisanatsegule ndimayamba ndaima pamenepo kuyang'ana matembawo, ndipo ndikawaona akusambira modabwitsa kapena ndikamva fungo lachilendo, tsiku limenelo sinditsegula. M'mbali mwa ngalande ndi kumtunda kwa zipupa ndinadzala vetiva kuti madzi a mvula yoyamba, amene amatsuka zonse zimene zaunjikana m'minda chilimwe chonse, asagwere m'dziwe mwachindunji.

Koma zimenezi zimateteza dziwe la munthu mmodzi, pamene matemba, nkhanu ndi milamba ya m'khwawa, imene ili ndiwo ya mabanja opanda maiwe, ilibe potseka. Tinapita nayo nkhaniyi kwa amfumu, ndipo pamsonkhano mlamu wanga anaimirira yekha kufotokoza zimene zinachitika, chinthu chimene chinagwira anthu mtima kuposa mmene mawu anga akanachitira. Tinagwirizana kuti wopopera azitunga madzi ndi keni n'kukasakanizira mankhwala kumtunda, kutali ndi khwawa, osamiza sipuleya kapena botolo m'madzi. Azisakaniza okwanira munda wake okha, ndipo otsala aziwamalizira pambewu zomwezo. Botolo likatha azilitsukuluza katatu, madzi otsukuluzirawo n'kuwathira mu sipuleya, kenaka aziliboola kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Madzi otsukira sipuleya aziwapopera m'munda momwemo kapena aziwathira m'dzenje lokumbidwa patali ndi madzi ndi pamene ana safikapo. Tinapemphanso kuti mizere yomalizira ya m'mphepete mwenimweni mwa khwawa isiyidwe udzu, ndipo apa m'pamene panavuta, chifukwa munthu wa kadimba kakang'ono amawerengera phando lililonse. Ena anavomera, ena mpaka lero amalima mpaka m'madzi, ndipo sindiwaweruza mopupuluma podziwa kukula kwa malo amene mabanja a kuno ku Mulanje ali nawo.

Pamsonkhano womwewo agogo ena anadzutsa nkhani ya katupe. Kale anthu ankasinja zitsamba monga ombwe n'kuthira m'maiwe a mumtsinje madzi akaphwa, nsomba n'kuyandama, ndipo ngakhale zimenezo zinkapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Masiku ano pali anyamata amene amachita zomwezo ndi mankhwala a m'sitolo, amene amapha chilichonse mtunda wautali kumunsi, kenaka nsombazo amakazigulitsa kwa anthu osadziwa. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni wa mtundu uliwonse, ndipo pa ichi chokha ndilibe chifundo ngati chimene ndinali nacho kwa mlamu wanga, chifukwa wochita zimenezi amadziwa chimene akuchita. Ogula nsomba zaziwisi za mumtsinje azikhala tcheru akaona nsomba za mitundu yonse ndi misinkhu yonse, mpaka tiana ting'onoting'ono, zitachuluka mwadzidzidzi pamsika nyengo ya chilimwe.

Vuto limene latsala, ndipo mudzi umodzi sungalithetse, ndi la mankhwala ogulitsidwa mopungulira. M'misika yathu mumapezeka mankhwala othiridwa m'timabotolo ta zakumwa topanda chizindikiro chilichonse, ena m'mabotolo olembedwa m'Chipwitikizi chimene ambiri sitiwerenga, ndipo mlimi wosauka amagula amenewo chifukwa sangakwanitse botolo lathunthu. Iye sadziwa dzina la mankhwalawo, mlingo wake kapena kuopsa kwake, choncho amathira mongoyerekeza, ndipo mbozi zikapanda kufa amaonjezera. Bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 ndipo lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa, motero wogula ali ndi ufulu wofunsa chiphaso chimenecho. M'kalabu yathu tinayamba kusonkherana anthu atatu kapena anayi kugula botolo limodzi losatsegula kwa wogulitsa wovomerezeka, n'kumabwerekana botolo lomwelo ndi pepala lake la malangizo.

Khwawa lathu limadutsa m'mudzi wina wa kumtunda lisanafike kwathu, ndipo kumeneko pangano lathu silinafikebe. Amfumu athu analankhula ndi anzawo a kumeneko, ndipo agwirizana zoitanitsa midzi yonse iwiri mvula ikatha, anthu asanatsikire kumadimba. Kalabu yathu yapempha alangizi a zaulimi kuti tsiku limenelo adzabwere ndi sipuleya, adzaonetse pamaso pa anthu kasakanizidwe ka mankhwala ndi katsukidwe kake, ndipo alangizi a za nsomba avomera kudzafotokoza za kafedwe ka nsomba monga anandifotokozera ine pafoni.